Pepala likuti Nunu wakhoza, koma ndinkamulozera ndi mlomo

Aphungu,

Ndine telala, ndimasokera pakhomo. Mwana wanga wamkazi, amene timangomutcha Nunu, ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri ndipo salankhula. Achipatala anati ali ndi otizimu, vuto la kakulidwe ka ubongo. Kawiri pa sabata ndimapita naye kwa aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera, mayi oleza mtima amene sindinawamvepo akukweza mawu.

Miyezi itatu yapitayo anayamba kumuphunzitsa kupempha kuchimbudzi. Anatipatsa khadi la chithunzi cha chimbudzi, loti Nunu azilitenga n'kundipatsa akafuna kukadzithandiza. Anandipatsanso pepala la mizere, n'kunena kuti, "Mayi a Nunu, akatenga yekha muzichonga uku, mukamuthandiza muzichonga uku. Musamumvere chisoni polemba."

Khadilo ndinalipachika pa msomali pafupi ndi makina osokera. Poyamba ndinkamugwira dzanja, kenako chigongono, kenako ndinasiya kumugwira monga anandilangizira. Koma ndikaona wayamba kupondaponda n'kumakoka diresi, ndinkangomulozera khadilo ndi mlomo, manja ali pa nsalu. Mukudziwa mmene timachitira manja akatanganidwa. Iye n'kutenga, ine n'kuchonga kuti yekha, poti sindinamukhudze. Masabata atatu athunthu, yekha, yekha, yekha.

Aphunzitsi ataona pepalalo anajambula mzere wokwera wosonyeza mmene mwana akuchitira, n'kunena kuti Nunu wakhoza, mwezi wa mawa akayambe kalasi ya ana onse, momwe muli ana makumi asanu ndi limodzi. Bambo ake, munthu wosalira chisawawa, anapita kuseri kukapukuta maso.

Loweruka lapitali ndinapita kukapereka zovala kwa kasitomala, mwana n'kumusiya ndi alamu anga. Pobwera ndinapeza madiresi ake atatu ali pa chingwe. Anadzinyowetsa katatu, khadi lili pompo pa msomali. Alamu anangoti, "Mlamu, musandimve molakwika, koma mwanayu amayang'ana pakamwa panu, osati khadi." Mawa lake ndinayesa ndekha. Ndinatseka pakamwa n'kuyang'ana pa singano. Nunu anaima patsogolo panga, maso ali pankhope panga, mpaka mkodzo unafika m'masilipasi. Ndinalira, Aphungu.

Bambo ake sindinawauze. Aphunzitsi ndikuchita nawo manyazi, adzati ndinkawanamiza. Ndamvanso kuti nthawi ya Nunu kwa iwo akufuna kuipereka kwa mwana wina. Kodi ndingokhala chete, mwina akazolowera konko?

Ine wothedwa nzeru,
E.N.

Mayi E.N.,

Ayi, musakhale chete. Inu simunaname mwadala, koma pepalalo likunama, ndipo aphunzitsi atsamira pa ilo posankha tsogolo la mwana wanu. Pitani mawa lomwe, pepala lili m'manja, mukawauze monga mwandiuzira ine, ndi mawu a alamu anu omwe. Munthu wa ntchito imeneyi amadziwa kuti thandizo limabisala m'diso, m'kutsokomola, ngakhale m'kuimitsa makina. Sakakudabwani. Koma mukazengereza, nthawi ya Nunu iperekedwadi kwa wina.

Dziwaninso kuti miyezi itatu ija sinapite pachabe. Nunu waphunzira kutenga khadi n'kupereka. Chatsala n'chakuti azimvera thupi lake, osati mlomo wanu.

Mukagwirizane ndi aphunzitsi tanthauzo la mawu akuti yekha musanachongenso kanthu. Kwa ine, yekha ndiye kuti palibe amene wagwira, waloza, walankhula kapena wayang'ana khadi. Pa pepala pakhale mizere itatu: yekha, wolozeredwa, wogwiridwa dzanja. Muzichonga nthawi yomweyo, osati madzulo mutakhala pansi, chifukwa mtima wa kholo umakometsa zinthu. Alamu anuwo ali ndi maso, agwiritseni ntchito. Tsiku lina akhale pakona ndi pepala lawo, inu ndi lanu, osaonerana, kenako mufananitse. Pamene mwasiyana ndi pamene mlomo ukuba.

Mlomowo musausiye mwadzidzidzi monga munachitira tsiku lija, mwana angaime mpaka kudzinyowetsanso. Akayamba kupondaponda, maso pa nsalu, werengani chamumtima mpaka zitatu. Akapanda kutenga, muthandizeni, n'kulemba zoona kuti mwamuthandiza. Masiku akamapita muzifika pa zisanu, kenako kupitirira. Akatenga yekha inu musanathandize, siyani msoko pakati, nyamukani pompo, mumuyamikire mokweza ndipo mumupatse kanthu kamene amakakonda kwambiri. Aone kuti kuyamba yekha kumapindulitsa kuposa kudikira inu. Akadzinyowetsa, mumusinthe chovala mwakachetechete, osakalipa, ndipo zimenezonso zilembedwe.

Khadi lichoke pa msomali. Musokereni kathumba pa diresi, liziyenda naye, alipereke kwa bambo ake, kwa alamu, kwa aphunzitsi, m'chipinda china ndi pabwalo. Chimene mwana amachita kwa munthu mmodzi pa malo amodzi sanachigwirebe. Bambo akewo auzeni lero, ndipo muwapatse tsiku lawo logwira pensulo.

Ndikuchenjezeni: mzere uja ugwa, mwina mpaka pansi penipeni, ndipo mtima udzakuuzani kuti muchonge mokomera kamodzi kokha. Musayerekeze. Manyazi anu kwa aphunzitsi ndi a mphindi khumi. Mukabisa, amene akaime pakati pa ana makumi asanu ndi limodzi, diresi litanyowa, anzake akuseka, iye osatha kunena kanthu, si inu ayi.

Aphungu