Kadontho Kobiriwira pa Mapu a Phiri Lathu

Lolemba, 3 Juni

Kusukulu kunali msonkhano wa bungwe lina loteteza nyama lochokera ku Lilongwe. Mayi Agnesi, katswiri wawo wa mapu, anatiwonetsa phiri lathu monga lijambulidwira kuchokera kumwamba. Ponseponse mbuu, kupatula kadontho kamodzi kobiriwira. Akuti kompyuta yapeza kuti imeneyo ndi nkhalango yosakhudzidwa ndi munthu, mokhala agwape ndi nungu.

Ndinaphunzitsa jogalafe zaka makumi atatu. Amenewo ndi manda athu. Ndinakweza dzanja, koma anati mafunso pamapeto. Pamapeto panali zakumwa.

Lachitatu, 5 Juni

A bungwe aja akhoma chikwangwani kumanda: kukumba, kusonkha moto ndi kulowa anthu oposa asanu n'koletsedwa. Mkazi wanga Roza agona momwemo, ndipo pambali pake pali malo anga. Mlamu wanga a Nedson akuti, "Alamu, muyambe kuphunzira kudya msipu, mwina angakuloleni ngati gwape." Sindinaseke.

Lachinayi, 6 Juni

Ndalembera bungwe lija kalata ya masamba atatu. Ndafotokoza mwaulemu kuti mitengoyo yasungidwa ndi akufa, amene sanapiteko kumaphunziro alionse.

Lachiwiri, 11 Juni

Yankho: mapu anavomerezedwa kale ndi othandiza akunja, sangalakwe.

Lachisanu, 14 Juni

Mayi Agnesi abwera okha. Titapempha chilolezo kwa amfumu, ndinawalowetsa, nditavala tayi. Anaima pakati pa mitanda nthawi yaitali.

"Bambo, milu iyi kompyuta inati ndi zulu za chiswe."

"Chulu chimene mwapondacho ndi malume anga."

Anadumpha, napepesa kwa ine ndi kwa malume. Kenaka anandiwonetsa kamakina kawo. Malo alionse ayenera kukhala chimodzi mwa zinayi: nkhalango, munda, madzi, kapena mudzi. Manda mulibe.

"Ndikalemba nkhalango, simudzaikidwa muno. Ndikalemba munda, odula mitengo abwera mawa."

"Lembani mudzi," ndinatero.

"Kandifunsa kuti anthu ake amachita chiyani."

"Amateteza zachilengedwe."

Anaseka mpaka kupukuta misozi, kenaka analemba. Chikwangwani tinachizula awiri. Iwo anagwira kumutu, ine kumiyendo, monga mwa mwambo wa maliro, ndipo tinatuluka nacho pang'onopang'ono.