Dzanja la Amayi M'kamwa mwa Galu

Koleji ya Bunda,
Mitundu,
Lilongwe.

Okondedwa malume a Zakeyu,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kuesiteti ku Kasunguko, pamodzi ndi mayi akunyumba ndi ana onse. Chifuwa chija chinakusiyani? Ine thupi lili bwino ndithu, koma mtima wanga suli m'malo.

Foni yanu ndaimba mpaka kutopa, sikulowa. N'chifukwa chake kalatayi ndapatsira a Petro, oyendetsa lole ya fodya. Chonde muwerenge lero lomwe, musaisomeke kudenga monga muchitira ndi makalata a mpingo.

Mayeso athu omaliza ayamba Lolemba. Ndikakhoza, mudzakhala ndi dotolo wa ziweto pamtundu panu. Anzanga akuwerenga osapuma, ena mpaka kuiwala kusamba. Ine ndikatsegula buku, chimene ndikuona ndi dzanja la mlongo wanu, amayi anga.

Mukumukumbukira Adzatopa, galu wa malemu bambo? Chiwaikireni bambo chaka chatha, amayi anamusandutsa munthu. Amadya naye pakhonde, amamuuza za mitengo ya feteleza, ngakhale kumukalipira ndi mawu omwe ankakalipira nawo bambo. Ife tinkangoseka.

Loweruka ndinapita kwathu ku Nathenje kuti akandipempherere za mayeso. Nditafika pabwalo panali zii. Nditafunsa za galu, amayi anati anatsamwa ndi fupa, ndipo wamwalira. Sananene kuti wafa ayi, anati wamwalira.

Anandifotokozera kuti galuyo anayamba ndi kubisala kunsi kwa nkhokwe. Kenako nsagwada inagwa, kukamwa kuli yasa, dovu lili chuchuchu. Mawu ake anasintha, ankauwa ngati wagwidwa pakhosi. Madzi ankangowayang'ana. Pomaliza miyendo yakumbuyo inalefuka.

Malume, ndinakhala pamphasa paja ngati ndikumva mphunzitsi akuwerenga tsamba la chiwewe, mzere ndi mzere. Anthu amadziwa chiwewe cha galu wolusa wothamangitsa anthu. Koma chilipo china chofatsa, chimene galu amaoneka ngati watsamwa, ndipo n'chimene chimapha eni ake omukonda.

Ndinafunsa ngati fupalo analiona. Anati analifunafuna koma sanalipeze. Ndinafunsa kuti analifuna ndi chiyani. Anandionetsa dzanja lamanja.

Analowetsa dzanja lonse m'kamwa mwake, malume, mpaka kukhosi. Dzino linawang'amba pachala chapakati. Anangopukuta ndi chitenje n'kuthirapo mchere. Chilondacho chinapola, ndipo anandionetsa chipseracho monyadira, ati onani thupi la munthu wodya zakumunda.

Ndinawauza kuti tinyamuke nthawi yomweyo, tipite kuchipatala cha Nkhoma akalandire katemera. Anaseka. Ati galu wa amuna awo sangawapatse matenda, sanawalume, iwo ndi amene anakhudza dzino lake. Ati Adzatopa wafa ndi chisoni, watsatira mbuye wake, ndipo kumunena kuti anali wachiwewe n'kunyoza malemu.

Ndinapempha kuti andionetse pomwe anamutaya, mwina tingadule mutu n'kukauyeza kuno. Ndinapeza anamukwirira kuseri kwa khola, atamukulunga m'jekete lakale la bambo, ndipo papita nthawi moti palibenso choyeza. Atamva zodula mutu, amayi anandiyang'ana ngati ndine mfiti. Anati ngati sukulu yake ndi yofukula manda, bola ndikanangokwatiwa.

Inu mukundidziwa, pakamwa panga sipachedwa. Ndinakalipa, ndinalira, ndinagwada ndithu pafumbi. Achemwali a Ethel anandithandiza kuwanyengerera, osatheka. Abusa anabwera, amayi anawaphikira tiyi n'kuwaperekeza bwinobwino. Pomaliza anati wowauza zochita ndi thupi lawo ndi mlongo wawo, mwini mbumba, osati mwana amene anamuchapira matewera.

Ndiye nkhaniyi ili m'manja mwanu.

Pali chinthu chimene sindinauzepo aliyense kwathu. Tili chaka chachitatu tinapita kukabaya agalu katemera kumudzi wina kuseri kwa Mitundu. Kumeneko kunali bambo wina amene anachita zomwezi, kufuna fupa m'kamwa mwa mwana wa ng'ombe. Tinamupeza atamumangirira pabedi ndi zitenje. Anali ndi nzeru zake zonse, anatipatsa moni, anafunsa kwathu. Anati ali ndi ludzu loopsa. Mkazi wake atabwera ndi kapu ya madzi, khosi lake linakokeka, maso anatuzuka, ndipo anakuwa mawu amene sindinamvepo kwa munthu. Kenako anapepesa kwa ife alendo chifukwa cha phokoso.

Kupepesa kumeneko kwandibwerera sabata ino. Ndikamatunga madzi pampopi wa kuhositelo ndimakumva. M'laibulale, masana dzuwa likuswa mtengo, ndimatembenuka kuona ngati bamboyo wakhala kumbuyo kwanga. Dzulo mnzanga ankandifunsa mafunso okonzekera mayeso, atafika pa chiwewe ndinangotuluka panja. Ndili ndi mantha, malume, mantha enieni.

Matendawa akangoyamba kuonekera palibe dotolo padziko lino amene angawabweze. Koma asanayambe, katemera amawatsekereza. Ndi jakisoni wapamkono basi, kangapo. Kuchedwa kwachitika kale, tisaonjezerepo.

Ndikudziwa kuti ino ndi nthawi yosankha fodya ndipo akapitawo sapereka tchuthi mwachisawawa. Koma bwerani. Musatume munthu, musatumize mawu, amayi amva nkhope yanu yokha. Musakatsutsane nawo za galuyo. Ngati akufuna kuti Adzatopa anafa ndi chisoni, asiyeni atero. Mungowauza kuti avale nsalu yawo, mwabwera kudzawatenga.

Mukapanda kufika pofika Lolemba, ine mayesowo ndiwasiya, ndikakhala pakhomo pawo mpaka atatopa nane. Mukalipe mmene mungakalipire. Sindingakhale m'holo n'kumalemba bwinobwino zizindikiro za chiwewe kuti andichongere, amayi ali ku Nathenje.

M'mawa uno amayi anandiimbira pafoni ya a Ethel, ati kundifunira mafuno abwino. Mawu awo anali a nthawi zonse, nthabwala zili m'kamwa. Anati ndisamawerenge ndi njala. Titatsala pang'ono kutsazikana anati, popeza ndine dotolo, ndiwauze mankhwala a dzanzi, chifukwa chala chija chayamba kuchita nyerenyere mpaka m'chigongono.

Malume, ndikudziwa zimene mabuku amanena za dzanzi la pachipsera. Komanso ndikudziwa kuti sabata yonseyi akhala akutong'ola chimanga ndi dzanja lomwelo. Ndawauza kuti n'chimanga. Ndakhala ndikudziuza ndekha zomwezo chiimbireni foniyo.

Mundiperekere moni kwa mayi akunyumba, kwa Innocent ndi Anna. Mulungu akuyendetseni bwino pamsewu. Mukatsika pa Nathenje musayambe mwalowera kwa wina aliyense.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Felesiya