Nyimbo Imene Munaikira Amayi

Peckham, London
14 Malichi 2006

Okondedwa Achemwali Ivy,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Domasiko. Mwendo uja unaleka kutupa? Ine thupi lili bwino, ntchito yosamalira okalamba ikuyenda, koma mtima ndiye ayi.

Paja mwana wanu uja, Maureen wangayu, akuphunzira zoimba ku Greenwich. Lachisanu lapitali anali ndi mayeso oimba pamaso pa aphunzitsi ndi anthu. Ndinapempha tchuthi kuntchito, ndinatchena chilundu changa, n'kukakhala kutsogolo penipeni ngati mwini ukwati.

Ankaimba nyimbo zakale za kumidzi ya ku Scotland, zimene akatswiri anazikonza kuti aziimba munthu mmodzi ndi piyano. Kuno nyimbo zotere savomereza, achemwali. Ukangotsokomola, amakuyang'ana ngati waba.

Ziwiri zoyamba ndinamvera bwinobwino. Yachitatu itangoyamba, ndinaizindikira. Mawu anali achizungu, koma chuni chake n'cha nyimbo ya kutchalitchi kwathu ija, imene amvano anaimba potsitsa bokosi la amayi. Ine malirowo ndinangowaonera pa kaseti ya vidiyo, mapepala anga okhalira kuno anali asanatuluke.

Sindidziwa kuti ndinaimirira nthawi yanji. Ndinangozindikira ndikuvomereza m'Chichewa, kenaka ndinabuma ngati ndili pasiwa, kuitana amayi. Wapiyano analeka. Maureen anayesa kupitiriza koma mawu anamuthawa. Bambo wina anandigwira mkono mwaulemu n'kunditulutsa.

Titafika kunyumba Maureen anandiuza, m'Chingerezi chake chothamanga chija, kuti si nyimbo ya Mulungu n'komwe. Akuti ndi ya mtsikana wodikira bwenzi lake limene linapita kunyanja, amishoni anangobwereka chuni. Ndinamuyankha kuti kaya ndi yachibwenzi kaya n'chiyani, agogo ake anapita nayo kumanda imeneyo. Iye anati agogowo sanawaonepo, chimene akudziwa n'chakuti chaka chake chonse ndachithira mchenga.

Amulola kubwereza mu Juni, nyimbo zomwezo. Wati ndisadzaponde kumeneko, ndipo wasamukira kwa mnzake ku Barking. Ndikaimba foni sayankha. Chipinda chake ndimachisesabe m'mawa uliwonse, kaya ndikusesera yani.

Achemwali, inu amakumverani. Mungomuflasha, adzakuimbirani yekha. Mundipepesere. Mumuuze kuti amayi ake sanapenge, koma maliro amene sanawalire aja ndiwo anawapeza pamalo olakwika. Sindikupempha mpando ayi. Andilole ndidzaime panja pa chitseko, pakamwa nditatseka ndi mpango, ndimve mwana wanga akuifikitsa nyimboyo kumapeto.

Amayi anandichoka ndili kutali, ndinavomera. Koma mwana asandichoke tili mumzinda umodzi.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amalume a Bonaventure ndi ana onse. Mukapita kumanda kukalambula, muwauze amayi kuti ndalira tsopano. Ambuye akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Gladys