Ba Sakala Avalanso Malaya Ena

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ife kuno ku komboni ya Chawama tilipo. Mdzukulu wanu Tisa anabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Chimanga cha kumunda kuja chinapsa ndi dzuwa, ndiye unga tikugula wa m'timapepala, wongokwana kuphika kamodzi. Magetsi amangotizonda ngati odwala.

Boma lasinthanso, Amayi. Anthu anavina mumsewu, fumbi koboo. Ine ndinangoima pakhomo. Ndinavina kale ine, ndili kamtsikana, mutandigwira dzanja tsiku limene mbendera ya azungu inatsika. Ndinavinanso pamene chipani chimodzi chija chinagwa, titatopa ndi mizere ya sopo ndi utsi wokhetsa misozi. Nthawi zonsezo unga unakwera mtengo thukuta lisanaume. Paja munkati njoka ikafundula sitaya mano.

Mukuwakumbuka ba Sakala, aja ankaima pachipata cha msika kubweza aliyense wopanda khadi la chipani? Aja anakutayirani tomato m'matope? Ali moyo, ndipo avalanso malaya a mtundu wina, a chipani chatsopanochi. Sabata yatha anafika patebulo lanu lija, pamene ndimagulitsira tinsomba ta kapenta, akumwetulira. Akuti msika aumanga watsopano, tichokepo pang'ono, tidzabwerera. Nditafunsa kuti liti, anayang'ana kumbali, maso akuyeza tebulo.

Koma chimene chandidyera mtima ndi mwana wanga Mavuto. Ntchito alibe, koma wabwera ndi nsapato zatsopano ndi foni. Ndikafunsa amati ni maganyu chabe. Dzulo ba Sakala anandibwezera mawu amene ndinalankhula m'nyumba mwanga, chitseko chili chotseka, onena kuti ine patebulo sindichoka. Tinalipo awiri okha, ine ndi Mavuto, Amayi. Tsopano ndikamamupakulira chakudya mwana amene ndinabereka ndekha, ndimayamba ndatafuna mawu ndisanawalavule.

Sindinamukalipire. Mawa anyamata a chipani akubwera kudzachotsa matebulo, ndipo Mavuto ndipita naye, akakhale pambali panga. Ngati tebulo la agogo ake lichoke, alinyamule iyeyo ndi manja ake, ine ndikumuyang'ana m'maso.

Mundipempherere. Ndikulonjezani chimodzi: kaya alinyamula, kaya alisiya, sindimuthamangitsa pakhomo. Ba Sakala atenge msika, mwana sindiwapatsa.

Ndine mwana wanu wokukondani mpaka tidzaonane,
Esnati