Ndikamva Odi Pakhomo

Lifuwu, Salima

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Dedza. Kuno tilipo. Mpunga wacha, koma mphamvu zokololera ndilibe. Zikomo pobwera kudzaika mlamu wanu Lindiwe.

Dzulo ndimalongedza katundu wake wa ku loji kumene ankagwira ntchito, ndiye ndinapeza kadikishonale kamene mlendo wa ku Holland anamusiyira. Ndinaima pa mawu akuti schrik. Ndi mantha aja odzidzimutsa, ndipo akuti kalekale mawuwa ankatanthauza kudumpha. Anthuwo anaona bwino, chifukwa thupi limayamba kudumpha mutu usanadziwe chimene chachitika.

Ndi mmene ndikuchitira ndikamva odi pakhomo. Amalume ake a Lindiwe ayamba kukamba zondisudzula, poti ine pano ndine mkamwini. Za mwana wathu Patience sananene kanthu, inenso sindinafunse. Lachiwiri anabwera kudzamutenga kuti akagone kwa amayi ake aang'ono. Mwanayo anandifunsa, "Adadi, nditenge ndi yunifolomu?" Anayankha ndi amalumewo: "Tenga, mama."

Ngati kachipinda ka malemu amayi kakadalipo, mundisesereko. Mphasa imodzi ikwana.

Ndine mlongo wanu,
Lodwick