Berbekim wa ku Joni

Lachiwiri, 4 Setembro 1984, Furancungo

Jenereta wa kuchipatala wayaka masana okha. Dizilo wochepa. Mabenchi a odwala tamaliza kukhoma, zitseko zikadali. Misomali kulibe, tikuwongola yakale.

Alamu anga a Tomé ayambanso mkangano wa berbekim, makina athu amagetsi oboolera matabwa. Wawo adagula ku Joni ali kumigodi. Wanga adanditumizira mng'ono wanga Octávio, amene akugwira ntchito ku Jeremani wa kum'mawa. A Tomé akuti wanga ndi chidole. "Kumeneko amadziwa misonkhano, alamu, chitsulo ayi." Pakamwa pawo sipapuma. Koma ndimawakonda, ndipo muno mulibe wopala thabwa ngati iwo.

Loweruka, 8 Setembro

Tayesa onse awiri pa thabwa limodzi la mlombwa. Wawo waphokoso, wolemera, mkono umachita dzanzi. Wanga wopepuka, koma amatentha msanga. Mabowo ofanana ndendende. Ine ndikuona kuti nkhani yagona pa nsonga yonola bwino ndi dzanja la mmisiri, dziko likungonamiziridwa. Kapena ndikutero poti wanga sadapambane?

A Tomé sadavomere. Madzulo adakhala pakhonde kupukuta ndi phulusa kachitsulo ka pa berbekim wawo kolembedwa dzina la dziko limene adamugulalo, mpaka kuwala mbee. Loweruka lililonse amatero.

Lachinayi, 13 Setembro

Mphekesera zoti a m'tchire, olimbana ndi boma aja, ayandikira. Anthu akukwirira mawailesi ndi makina osokera. A Tomé akuti berbekim wawo akamubisa kwa amayi awo ku Chidzolomondo. Amulowetsa pakati pa thumba la chimanga. Ndawauza kuti ayambe apala kachitsuloko. Aseka. "Ndipale? Anthu adziwa bwanji kuti ndi wa ku Joni?"

Lachisanu, 14 Setembro

Agwidwa.

Asilikali a pamlatho adabaya thumba, kupeza makina, kuwerenga kachitsulo kowala kaja. Chinthu cha ku Joni chobisa m'chimanga, nyengo ino imene aliyense akunena kuti mfuti za a m'tchire zikuchokera komweko. Akuti ndi chida cholankhulira ndi adani. Chiphaso chaulendo anali nacho, sichidathandize.

Mlongo wanga Bertina, mkazi wawo, wabwera ndi ana kwathu. Sakulira. Ndili ndi mantha. Otengedwa pamlatho si onse amabwerera.

Lachisanu, 21 Setembro

Ndalephera kulemba masiku onsewa. Kukwarteli, kumsasa wa asilikali, kupita, kubwezedwa, kupitanso. Chakudya cha alamu amalandira pachipata, kaya chimawafika.

Lero komandanti wavomera kubwera kuchipatala, kuli jenereta, berbekim wa alamu ali m'manja mwa msilikali. Ndidatenga wanga kuti aone kuti ntchito yake ndi imodzi, komanso kuti tili ndi mbale kudziko la abwenzi a boma. Ndaboola ndi onse awiri. Naye wagwira. Ndi wanga adaboola bowo limodzi nkumuika pansi. Ndi wa ku Joni adaboola, kuboola, kuboolanso, thabwa lonse labwino kutha. Wapita ndi onse awiri.

Bertina wandifunsa ndi maso okha. Ndamuuza kuti zayenda bwino. Sindikudziwa.

Lachiwiri, 2 Outubro

Awamasula dzulo.

Komandanti wandibwezera wa ku Jeremani. Wa ku Joni wasunga. Adandikokera pambali: "Kamarada, Mabunu ndi oipa, koma chitsulo chawo nchokhalitsa."

Alamu aonda. Chingwe chimene adawamanga nacho chidalowa m'mikono, zala sizikupinda. Anamwino, a Amália, akuti mwina zidzabwerera, mwina ayi. Zitseko zakuchipatala ndimaliza ndekha.

M'mawa ndawafotokozera mawu a komandanti, ndimati aseka, andinyoze monga kale. Ndimafunitsitsa andinyoze. Adangoyang'ana manja awo pamaondo. Kenako adati, "Alamu, tandimangirani batani ili."