Masekondi Makumi Atatu a Manja a Amayi

Lachiwiri, 6 Ogasiti 2024

Tsiku loyamba la maphunziro ku Golomoti. Azimayi khumi ndi awiri m'kachipinda ka kuseri kwa chigayo, aliyense ndi foni yake ndi kabizinesi kake. Wotiphunzitsa ndi a Temwani, azibwera kuchokera ku Salima Lachiwiri lililonse. Munthu wamfupi, mawu ngati a kondakitala.

Ine ndinkayesa kuti vidiyo ikajambulidwa ndiye yajambulidwa, basi. Ayi ndithu. Anatijambula tikulowa, kenako anaika chala pa kamzere kapansi, kudula apa, kudula apo, chapakati n'kutaya. Mayi wa mandasi amene anapunthwa pakhomo tonse tikuona, mu vidiyo walowa mwaulemu ngati mkwatibwi. Chinthu choti chachitika, munthu n'kuchichotsa ndi chala chimodzi.

Zimene ndagwira: isapitirire masekondi 30. Atatu oyamba ndi amene amaimitsa munthu. Dzuwa likhale kumsana kwa wojambula. Ndiye mawu awo aja, "Anthu sagula katundu wongoyalidwa. Onetsani manja akupanga."

Manja. Maganizo anathamangira kunyumba. Sindinauze munthu.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Pamsewu, Mtakataka. Mwera ndi fumbi lake, mikeka kumangouluka. Tsiku lonse kachikwama kamodzi.

A Josephine alemba pa Wotsapu, mayi a shopu ya ku Lilongwe aja anaima ndi galimoto mwezi watha n'kugula zikwama ziwiri. Akufuna zikwama 40 za mlaza Khirisimasi isanafike. Koma choyamba kavidiyo koonetsa kalukidwe kake, ati makasitomala awo amafunsa zimenezo. Kafike pa 16 mwezi uno. Oda yotere sitinaionepo chiyambire. Ndipo denga la amayi lija mvula ikubwerayi silipirira.

Vuto ndi lakuti woluka si ine. Zaka zisanu ndi zinayi ndili pamsewu pano, wofunsa ndimangomuuza kuti timaluka kunyumba. Woluka ndi amayi. Anadwala khate ali mtsikana, anachira ku mishoni ine ndisanabadwe, koma zala zinapita. Kumanja zatsala zitatu, kumanzere chachikulu ndi kachidutswa. Mlendo akafika manja amalowa m'chitenje. Ku tchalitchi chimodzimodzi. Pamsewu pano sanabwerepo. Inenso sindinawaitanepo, ndilembe zoona, kope ndi langa lomwe.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Ndawajambula amayi akuluka. Ndinanama kuti ndikuyesa foni. Pakhonde, m'mawa, dzuwa kumsana monga anatiuzira. Iwo ati, "Bola nkhope usaionetse, sindinasukusule."

Masana pamsewu, kulibe kasitomala, ndapeza kabatani kochedwetsa.

Sindikudziwa ndilembe bwanji. Ndakulira pa mikeka ya manja amenewa, zaka 34, koma lero ndi pamene ndawaona. Mbali yolukidwa kale amaipana ndi chala chachikulu cha kuphazi. Katsamba ka mlaza kukanyowetsa pamlomo, kukakankha ndi kachidutswa kaja, chala chachikulu kukalandira kuseri, kupinda, mano n'kukoka. Zinthu zisanu m'sekondi imodzi. Ukamangoona ndi maso suona kanthu, umangoti nkhalamba ikugwedeza mapewa. Ndabwereza mwina kakhumi. Thupi lonse nyaunyau. Minibasi inaima, mayi wina akufunsa mtengo wa mkeka pawindo, ine osamva, mpaka kondakitala anachita kumenya chitseko. Ati, "Asisi, mwabwera kudzagulitsa kapena kudzaonera kanema?"

Batire linathera pomwepo.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Potuluka m'tchalitchi ndaonetsa achimwene a Laisoni. Ndinalakwitsa. Nkhope inagwa nthawi yomweyo. Ati, "Ine ndimagulitsa tiyi, mlongo. Anthu ukawakumbutsa zimenezi, makapu anga amwera ndani?" Ati kodi waiwala tili kusukulu, anzathu ankakana kumwera chikho chimodzi ndi ife. Sindinaiwale. Ati mayi a ku Lilongwewo akaona, chikwamacho azidzachinyamula ndi kamtengo.

Matendawo adatha kalekale, pa mlaza palibe chimene munthu angatengepo, ife tikudziwa. Koma ogula si ife.

Masana amayi apita kukaona odwala. Ndavala chitenje chawo cha buluu chija anavala powajambula, ndakhala pamalo pawo, kampeni kawo pambali, foni ndaitsamiritsa pa mtondo. Ndaluka ine. Ndimatha pang'ono, mwa apo ndi apo. Manja ndinadzola mafuta.

Lolemba, 12 Ogasiti

Tsiku lonse kulumikiza. Poyamba amayi akuoneka chakumbuyo, patali, atawerama. Kudula. Kenako manja anga pafupi. Kudula. Chikwama chomalizidwa chitapachikidwa pa mtengo wa mango. Nyimbo pamwamba, nambala ya foni kumapeto. Chitenje ndi chimodzi, ndiye diso limangovomera kuti munthu ndi mmodzi. Ngakhale ine mwini wake ndikaonera ndikumakhulupirira.

Kachipangizo aka n'koopsa. Anthu awiri ndawasoka kukhala mmodzi, msoko osaoneka.

Masekondi 28. Yakongola kwabasi. Ndikunyada, manyazinso akundigwira, zonse pamodzi. Bandulo yatsala pang'ono, sinditumiza kaye.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

A Temwani aionetsa kwa gulu lonse. Ati yoposa zonse ndi ya a Fagness, ndiye ineyo. M'manja wawawa. Mayi wa mandasi ati, "Kani manja anu ndi aluso chonchi, mumangokhala phee." Ine kumangoseka ngati chitsiru.

Phunziro la lero, mawu. Kani mawu amaoneka. Pansi pa vidiyo pamabwera timapiri, phokoso lalikulu kaphiri katali, pamene pali zii pamakhala see. Ati musamathamangire nyimbo, yambani mwaona kaye mawu a ntchito yeniyeniyo.

M'minibasi pobwerera ndatsegula ija ya amayi, yosadulayo. Timapiri tawo ndondondo, totalikirana mofanana, ngati mizere ya m'munda yoyezedwa ndi chingwe. Kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mphindi zinayi, palibe kosemphana. Ndaika foni kukhutu. Kaphiri kalikonse ndi kamawu kakang'ono, tswi, tswi, mlaza ukamakokedwa. Ndatsegula yanga. Apa kaphiri, apo palibe, kenako tiwiri pamodzi. Ngati nkhuku zapalasapo.

Ndinapitirira siteji yanga. Ndachita kubwerera wapansi.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Amayi afunsa okha. "Kodi kuyesa foni kuja kunatuluka?" Chifukwa cha mantha ndawapatsa yokongola ija.

Anadzizindikira msana, anaseka. Chitenje chawo, kampeni kawo. Kenako manja. Kuseka kunatha. Anaonera mpaka kumapeto, nambala ya foni ndi zonse.

Ati, "Manja abwino. Koma chikwama chimenecho ukaikamo tomato, pofika pa Golomoti wathera m'njira."

Kenako ati nyimboyo yatseka zonse, munthu angadziwe bwanji ngati walimbitsa. Ndinafunsa kuti nyimbo ikukhudzana bwanji ndi kulimbitsa. Anandiyang'ana ngati ndafunsa dzina lawo. Ati zala zawo sizimva kanthu chichokereni matenda aja, ngakhale khala la moto. Sangadziwe ndi dzanja kuti apa pathina. Amaluka ndi makutu. Mlaza ukapanda kulira amamasula n'kubwereza. N'chifukwa chake tili ana ankatithamangitsa pakhonde tikamasokosera. Ine ndinkangoti ndi nkhanza.

Zaka 34 nyumba imodzi.

Sanandikalipire. Bola akadakalipa. Anangondibwezera foni, kuimirira, manja n'kulowetsa m'chitenje. Pamaso pa ine, mwana wawo. Sanachitepo zimenezo.

Sindinapite pamsewu. Ndalira kuseri kwa bafa ngati mwana.

Lachinayi, 15 Ogasiti

M'mamawa ndayambiranso. Nyimbo kunja. Manja anga kunja. Masekondi atatu oyamba, mdima wokha ndi tswi, tswi, tswi. Kenako manja awo, ochedwetsedwa, pafupi kwambiri moti zipsera zonse zikuoneka. Kenako liwiro lake lenileni. Chikwama kumapeto. Masekondi 30 ndendende.

Amayi ndawapeza akung'amba mlaza. Ndagwada, ndapepesa. Ati dzuka, ukudetsa siketi.

Ndawapatsa foni. Anaonera. Ati, "Bwereza." Ndabwereza. "Bwerezanso." Kanayi. Kachinayi anayang'ana manja awo enieni, kuwatembenuza, kuyang'ananso pa foni. Ati, "Kani ndimatero?" Iwonso anali asanadzionepo. Ati ankayesa amangokokakoka mwa umphawi, poti zala kulibe. Anaseka mpaka kutsokomola, misozi ili mbwembwembwe, ine chimodzimodzi. Ati, "Taonani kachidutswaka, kakugwira ntchito ya anthu atatu."

Ndawauza zonse. Za zikwama 40, za denga, za mawu a achimwene. Kuti a Josephine akaona akhoza kungoti zii, osayankhanso. Ati denga ladontha zaka zingati, tafa? Ati tumiza imeneyi, koma pansi ulembe dzina. Ndinafunsa kuti la bizinesi? Ati langa. Ndalemba zilembo zoyera, Christina Nankhoma, woluka. Anachita kundiwerengetsa kawiri.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Yapita kwa a Josephine, 9 koloko m'mawa. Pofika 10 timizere tiwiri tabuluu. Aiona.

Yankho kulibe.

Amayi ati ndiikenso pa sitetasi ya Wotsapu, za kubisa zatha. Ndaika. Pofika masana oonera 71. Pakati pawo achimwene a Laisoni.

Lachiwiri, 20 Ogasiti

Zii. Masiku anayi. Foni ikangolira mtima phaa, kupeza ndi uthenga wa bandulo.

Achimwene andidutsa pamsika osandipatsa moni. Mayi wina wa kuno, kasitomala wakale, anagwira mkeka n'kufunsa ngati woluka wake ndi yemwe uja wa mu foni. Ndinati eya. Anaubweza pamulu, kupukuta dzanja pachitenje. Wina wa ku Mua anagula zikwama ziwiri, ati agogo ake analinso choncho.

Ku maphunziro ndaulula kuti yoomberedwa m'manja ija inali yabodza. Ndaonetsa yeniyeni. Chigayo chinali chitazima, m'chipinda monse tswi, tswi. Palibe anaomba m'manja. A Temwani anandibwezera foni. Ati, "Iyi musaikhudzenso."

Lachinayi, 22 Ogasiti

A Josephine ayankha. Mawu ochepa. Anali kumaliro ku Ntcheu. Adutsa Loweruka, tidzakambirane pamaso. Za 40 sanatchule. Ndawerenga kasanu kufuna kumva ngati muli eya kapena ayi. Mulibe.

Amayi ati Loweruka apita nawo pamsewu. Ndinayesa akuseka. Achapa kale chitenje cha buluu.

Loweruka, 24 Ogasiti

Tinanyamuka 7 koloko, iwo pakaliyala ya njinga, mtolo wa mlaza pamiyendo. Ndawayalira mkeka pansi pa mtengo wa mango. Anakhala, kutambasula mwendo, kuyamba kuluka. Manja poyera. Ogulitsa anzanga poyamba kumangoba ndi diso, kenako mmodzimmodzi kusendera. Amayi ati, "Oonera aonere, koma phokoso ayi, ndili pantchito."

A Josephine afika cha m'ma 11. Anagwada, kupereka dzanja. Amayi anazengereza pang'ono, n'kupereka lakumanja lija la zala zitatu. A Josephine anakhala pamkeka pomwepo kumvetsera. Ati atenga 25 kaye, aone mmene makasitomala alandirire, iwonso sakudziwa. Dzina lisokedwe m'kati mwa chilichonse. Si 40. Malata a mbali yogona okha akwana.

Koma chimene ndikulembera si chimenecho.

Galimoto itachoka ndinaona achimwene a Laisoni akuwoloka msewu kuchokera ku tiyirumu yawo. Okha, osatuma munthu. M'manja kapu ya tiyi, imodzi mwa zoyera zija za makasitomala, ndi sikono pa mbale. Anthu awo a pabenchi onse maso kuno. Kwa ine osayang'ana n'komwe. Anagwada, ati, "Amayi, imwani. Dikirani izizire kaye, mungapse osadziwa." Anaiuzira okha. Amayi anailandira ndi manja awiri, kumwa pang'onopang'ono mpaka kutha. Ati shuga wachepa. Achimwene anatenga kapu, kuwolokanso, kuitsuka m'beseni limodzi ndi zinzake.

Foni inali m'manja, ndinajambula. Dzuwa linali kumaso, chithunzi chikugwedera, minibasi inadutsa pakati. A Temwani akaona andidya wamoyo. Masekondi 52. Chifikireni kunyumba ndikuyesa kudula kuti ifike pa 30. Ndayendetsa chala pa kamzere kaja uku ndi uku, sindikupeza pochotsa.